Njerwa za khoma la m'kati

Amayi, muli bwanji kodi kumeneko? Sindikufunsa mwamwambo chabe ayi. Mvula ya chaka chino yakulowerani m'nyumba, ndipo amene anakumangirani nyumba yodonthayo ndine, mwana wanu Madalena. Chiliza chanu chagumuka mbali ya kumutu. Ndifika pa nkhani imeneyo, koma mundilole ndiyambe ndi zina, pakuti inu nomwe munkati wobwera ndi uthenga woipa ayambe wamwa kaye madzi.

Kuno tilipo ndithu. Chinangwa cha m'munda wanu wa ku Nkholongue chachita bwino, moti za njala chaka chino sitikuziganiza. Abale athu a ku Maniamba atumiza mawu kuti chimanga chawo chagwidwa ndi mbozi, koma nyemba zilipo, ndiye atsika mwezi wamawa kudzasinthitsa ndi usipa monga kale. Vuto ndi usipawo. Ku Chiwanga matandala oyanikapo usipa angokhala opanda kanthu masabata atatu tsopano, asodzi akungosoka maukonde ndi kunamizana. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, mmodzi sanachedwe kufa, winayo ndi wakuba ngati make. Bondo langa lakumanzere layamba kulira podzuka, ndendende mmene linkachitira lanu.

Ana awiri abadwa chichokereni inu. Luwiza wanga ali ndi mwana wamwamuna, wathanzi, wamphuno ya atate ake. Ndisakubisireni, miyezi yonse ya pakati pake ndinkapemphera kuti akhale mtsikana, dzina lanu libwere pakhomo panga. Patangotha masabata atatu, Amina, mwana wa mlamu wanga Zainabu, anabereka mtsikana. Amutcha Mariamu, ndiye Mariya wanu uja m'katchulidwe ka Chisilamu. Ndinapita kukaona mwana ndi sopo ndi chitenje, ndinalulutira mpaka kukhosi kuuma, mano onse panja. Pobwerera ndinadzera njira ya kumchenga kuti anthu asaone nkhope yanga. Amayi, ngakhale dzina lanu lasankha khomo la Zainabu.

Mwina mukuti mwana uyu wayambanso. Inde ndayambanso, ndipo lero simundidula pakamwa.

Mukukumbuka mmene tinabwerera kuchokera ku Likoma nkhondo itatha? Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mlongo wanga Davide ali ndi zisanu ndi zinayi, atate titawasiya m'manda a pachilumba. Nyumba yathu tinaipeza ili mulu wa dothi, pakati pamera nsatsi. Anthu onse ankayang'ana mabwinja nkumalira. Inu munayang'ana mabwinja omwewo nkuona msika. Munapita kwa mwana wa mwini sitolo yakugwa ija ya kumtunda kwa Metangula, nkumuuza kuti mumuyeretsera malo onse, iye angokusiyirani njerwa zakugwazo. Anavomera akuseka, poyesa kuti watola chitsiru.

Ntchito yanga inali kupala. Amisiri akale ankamanga ndi njereza, osati simenti, ndiye munthu ukaleza mtima njerezayo imachoka, njerwa nkutsala yathunthu. Munandipatsa khasu lothyoka mpini nkundikhazika pamthunzi wa khoma lotsala. Zala zinang'ambika sabata yoyamba yomwe. Ndinalibe luso, ndinkabenthula ngodya pafupifupi njerwa iliyonse, inu nkumakalipa kuti, "Iwe Madalena, ukupala kapena ukuluma?" Zobenthukazo munkaziponya pambali pazokha. Ndinkalira mobisa, poganiza kuti ndikukuonongerani chuma chimene tinalibe nkomwe. Anzanga ali kusukulu kuphunzira Chipwitikizi, ine nkhata ili pamutu, njerwa zisanu ndi imodzi ulendo umodzi, kutsika nazo kunyanja kukakweza m'boti. Sindikudandaula za sukuluyo. Ndikungofuna mukumbukire kuti amene analipo masiku amenewo ndine.

Kuchoka pa njerwa tinafika pa matelya ofiira a padenga, zitseko za mlombwa, mazenera a magalasi ang'onoang'ono, mitanda ya muwanga yoti msomali umapindika, maloko akuluakulu a masitolo akale. Tinatchinga ndi bango kintale yathu, bwalo lija la pamsewu wa ku Chiwanga, ndipo anthu anaiwala dzina lanu nkumangoti Amayi a Njerwa. Poyamba ogula anali amphawi anzathu obwera kothawa nkhondo, amene zatsopano sakanazikwanitsa. Ankabwera mwamanyazi, kupempha kuti chitseko tichipake penti anthu asadziwe kuti nchakale. Masiku ano ogula ndi eni nyumba zogona alendo. Iwo amafuna chitseko chikhale ndi zipsera zake zonse, ndipo ukangochipukuta kwambiri amakwiya. Munkaseka mpaka kutsokomola, nkumati dziko ndi bwato, silichedwa kutembenuka. Malonda akuyendabe, musade nkhawa. Mwezi watha tagulitsa zitseko ziwiri zija za kwa mzungu wa thonje, zimene munkati zidzakalamba nafe.

Chida chanu chinali chimodzi, kiyi wamkulu uja wachitsulo, wotalika ngati chikhatho, amene loko wake sitinamupezepo. Munkamuvala m'khosi pa chingwe cha ukonde. Kaya ndi njerwa, kaya telya, kaya chitseko, munkagogoda ndi kiyiyo mutu mutapendeketsa. "Njerwa usaifunse nkhope, ifunse mawu," munkatero. Yopsa bwino imati ngwe, yosapsa imati phu, chitseko chofumbwa m'kati chimayankha ngati ng'oma yonyowa. Munandikhazika pansi kambirimbiri kuti ndimve. Ine ndinkagwedeza mutu, nkumati ndamva. Lero ndiulule, Amayi: sindinamvepo kusiyana kwake ngakhale tsiku limodzi. Khutu langa lakumanja linatha ndi mafinya aja a ku Likoma, lakumanzere limamva anthu koma njerwa silizimva. Ndikuganiza kuti munadziwa, chifukwa patapita nthawi munangosiya kundiitana pogogoda.

Kenaka Davide anakula, maso nkugwera pa mtsikana wa kwa a Saidi, amalonda aja a m'mphepete mwa nyanja. Analowa Chisilamu, dzina nkusanduka Daudi. Ine ndinakhala chire kudikira kuti mupse mtima, mwana wanu wobatizidwa wasiya tchalitchi chifukwa cha mkazi. Simunapse mtima. Munangoti Mulungu sasochera ndi maina. Tsiku lachitatu Zainabu ali pabanja, tikutsitsa matelya m'boti, iye anaima ndi telya limodzi m'manja nkuti, "Amayi, ili likulira mwina." Munatenga kiyi nkugogoda. Telyalo linali ndi mng'alu wobisika pansi pa ndere. Ndinaona mmene nkhope yanu inawalira. Zaka zoposa khumi ndikupala ndi kusenza, nkhope imeneyo simunandionetsepo, koma mlendo wa masiku atatu munamupatsa chifukwa cha telya limodzi.

Kuyambira pamenepo zinangoyenda choncho. Kukamveka kuti ku Lunho kapena kwina kuli nyumba yakale imene eni ake akufuna kugwetsa, m'boti munkakwera ndi Zainabu, ine nkutsala kulondera kintale. Munkabwerako patatha masiku awiri mukuseka zinthu zimene ine sindinazione. Ndikafunsa munkati, "Ha, ndi zakumeneko." Katundu akafika, pamenepo ndiye dzina langa linkamveka. Ndipo tsiku lina, pamaso pa wogula wa ku Chiwanga, munanena mawu amene mpaka lero ali pamtima panga ngati munga wa nsomba pakhosi. Munati, "Pa ntchito iyi Mulungu anandipatsa ana awiri. Madalena ndi msana wanga, Zainabu ndi khutu langa." Onse anaseka, inenso ndinaseka. Inu munkayesa kuti mukutiyamikira tonse. Koma Amayi, msana ali nawo ndi bulu yemwe.

Choipa kwambiri nchakuti Zainabu sanandilakwirepo. Ndamufufuza zaka makumi awiri kuti ndimupeze ndi chifukwa, sindinachipeze. Samanyada, samanena miseche, amandipatsa moni atagwada ngakhale tsopano ali ndi mdzukulu. Nditadwala malungo aakulu aja ndi amene anandichapira. Munthu akakhala woipa umamuda nkugona tulo. Wabwino ukamuda, umadzida wekha pamwamba pake.

Mutadwala, amene ankakusambitsani miyezi inayi yonse ndine. Amene ankakutembenuzani, kukuphikirani phala, kukutafunirani nzimbe pamene mano anakana, ndine. Masana aja a mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, munandituma kuti ndikafunditse madzi. Nkhuni zinali zonyowa, ndinachedwa. Nditabwera ndi beseni ndinapeza Zainabu atagwada pamphasa, khutu lake lili pakamwa panu, kiyi uja ali kale m'khosi mwake. Ndinaima pakhomo mpaka madzi kuzizira. Simunalankhulenso. Mawa lake munatisiya. Mawu anu otsiriza munawapereka kwa iye, ine munandipatsa ntchito ya madzi.

Maliro atatha, kintale inatsegulidwanso, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaona ndi Zainabu atakhala pamalo panu. Mukudziwa mulu uja wa njerwa zakuda pansi pa mtengo wa mango, wosanjidwa ngati benchi, wofunda masaka, pamene munkakhala tsiku lililonse kuyambira kalekale. Palibe mwa ife amene ankayerekeza kukhalapo. Iye anakhalapo sabata yoyamba yomwe, kiyi ali m'khosi. Patapita mwezi kunabwera munthu wofuna njerwa zotsika mtengo zomangira chimbudzi. Ndinaganiza kuti nawu mpata wochotsa mpando umenewu, ndipo ndinamulozera muluwo. Zainabu sanadzuke. Anagwira masaka ndi manja awiri nkuti, "Alamu, izi sizogulitsa. Amayi anati..."

Sindinamulole amalize. Amayi, ndinalankhula zinthu tsiku limenelo zoti mukanakhalapo mukananditsina pakamwa. Ndinamuuza kuti wanditengera mlongo, wanditengera mayi, wanditengera kiyi, ndiye asayerekezenso kundiuza zimene ananena mayi amene anandibala ine. Ndinalumbira pamaso pa wogulayo ndi onse odutsa pamsewu kuti tsiku limene ndidzamvenso mawu akuti "Amayi anati" kuchokera pakamwa pake, ndidzatenga chingwe nkugawa kintale pakati, aliyense aone zake. Anawerama. Koma pa muluwo sanachoke, ndipo wogula uja anapita chimanjamanja.

Chaka chitakwana, nthawi yomanga chiliza inafika. Apa ndiye ndinapeza pomutsekera kunja. Ndinauza banja lonse kuti za chiliza ndi za ife Akhristu, iwo kwawo amangoika mwala kumutu basi, ndipo akazi awo kumanda salowa. Ndinati njerwa ndikasankha ndekha. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha cha inu chimene dzanja la Zainabu silinakhudze.

Ndinamva kuti kupitirira Lunho munthu wina wagwetsa nyumba yakale ya mmwenye wamalonda. Ndinakwera boti ndekha, ulendo woyamba m'moyo wanga kupita kukasankha katundu wopanda inu. Ndinapeza nyumbayo anagwetsa kale, njerwa ataziunjika milu iwiri. Mulu wina unali wa zakuda, zandere, zodyeka m'mbali. Winawo, Amayi, mukanaziona! Zofiira psuu, ngodya zakuthwa, zosalala ngati anaumba dzulo. Ndinatola msomali nkugogoda imodzi, mutu nditapendeketsa monga inu, kuti mwiniwake aone kuti ndine mwana wa Amayi a Njerwa. Sindinamve kanthu, monga mwa masiku onse. Ndinadziuza ndekha kuti yati ngwe.

Si kuti simunandiphunzitse. Munanena kangati kuti amisiri akale sankataya njerwa? Zopsa kwambiri ankaziika kukhoma la kunja kuti zilimbane ndi mvula, zosapsa bwino ankazibisa m'makoma a m'kati, pansi pa denga, zitapakidwa njereza. Za m'katizo zimatuluka zokongola chifukwa sizinaonepo dontho la madzi chibadwire. Ndinkazidziwa zonsezi ngati pemphero la Atate Wathu. Koma pamene ndinaima pakati pa milu iwiri ija ndinkangoona anthu ataima pamanda panu nkumafunsa kuti, anamanga chonchi ndani? Ndinatenga zofiirazo.

Tikutsitsa padoko lathu, Zainabu anabwera kudzathandiza. Njerwa zikugundana m'manja mwa otsitsa, ndinamuona akuima chilili. Dzanja lake linapita lokha pa kiyi. Anatsegula pakamwa, ine nkumuyang'ana m'maso, iye nkutsekanso. Anatenga nkhata nkuyamba kusenza mwakachetechete. Madzulo a tsiku lomwelo Daudi anafika kwanga akukanda m'mutu, monga amachitira akatumidwa. Anangoti, "Achemwali, mayi a Amina akuti njerwa zija..." Ndinamuuza kuti akauze mayi a Amina kuti manda amenewo si a mayi awo. Mlongo wanga mumamudziwa, mtima wake ndi wa nkhuku. Anatsanzika nkumapita. Ngakhale mmisiri amene anamanga anandichenjeza kuti tipake simenti pamwamba. Ndinakana. Ndinati njerwa zokongola chonchi nkuzibisa, ndiye ndinavutikiranji kukazitenga kutali?

Tinachita mwambo mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anabwera ambiri, a ku Maniamba, a ku Nkholongue, ena mpaka ochokera ku Likoma. Chilizacho chinali psuu pakati pa manda onse, ndipo zimene ndinkafuna zinachitikadi. Anthu ankaima nkufunsa, ena nkumayankha kuti ndi mwana wawo wamkazi, anakasankha yekha njerwa. Ndinatupa ngati finye. Zainabu anatsala kunyumba, anaphikira alendo onse kuyambira mbandakucha, sanadye mpaka womaliza atasamba m'manja. Ndikukumbuka kuti pomuthokoza ndinamva kukoma kwina kumene sindikufuna kukutchula dzina.

Mvula inayamba mu Disembala, ndipo chaka chino inagwa ngati ili ndi mlandu ndi ife. Kumanda munthu sangopitako wamba, ndiye sindinadziwe kanthu. Mu Febuluwale anamwalira a Mateyu, osoka maukonde aja, ndipo tinapita kukawaika. Tikulowa ndi nyimbo, ndinaponya maso kumene muli. Mbali ya kumutu inali itakhala pansi. Njerwa zinasungunuka ngati sopo woiwalika m'madzi, matope ofiira atayenderera mpaka pamanda a eni ake oyandikana nanu. Mtanda unapendekeka, dzina lanu litayang'ana pansi. Nyimbo inapitirira, koma ndinaona mitu ikutembenuka umodziumodzi. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ananong'ona kukhutu langa lamoyo, ndiye ndinamva bwinobwino.

Inu amene munadyetsa banja ndi njerwa zaka makumi atatu, amene nyumba za theka la Chiwanga zaima pa kusankha kwanu, mwagona pansi pa njerwa zoola. Ndipo mudzi wonse ukudziwa amene anasankha, poti ndinalengeza ndekha.

Mawa lake m'mawa ndinapita ku kintale. Ndinamupeza Zainabu pamalo pomwe paja, akupukuta mahinji a zitseko ndi mafuta. Sindinamupatse moni. Ndinangomufunsa kuti, "Unadziwa?"

"Ndinadziwa, alamu," anatero. "Potsitsa paja zinkalira ngati maungu."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munalumbira. Ndinati ndikalankhula mugawa kintale, ndiye Amayi akhala ataluza ziwiri, manda ndi ntchito yawo yomwe. Ndinasankha kuti chigwe chimodzi." Kenaka anati, "Mawu aja ndawasunga chaka ndi miyezi, akundilemera. Mundilola lero ndinene?"

Ndinalibenso mphamvu zolumbira. Ndinamuuza kuti anene.

Anadzuka pa mulu paja nkuchotsa masaka onse. Anatola njerwa imodzi nkundipatsa. Inali yakuda, yolemera, yobenthuka ngodya. Anandipatsa ina, nayonso yobenthuka. Yachitatu chimodzimodzi, ndipo m'mbali mwake munali mizere ya khasu, yokhotakhota, ya dzanja la mwana wosadziwa kupala. Amayi, ndinazizindikira. Zinali njerwa zanga zija za kusitolo yakugwa, zimene munkaponya pambali mukukalipa. Ine ndinkayesa kuti munazitaya. Chonsecho munazisamutsa nokha mpaka ku kintale, nkuzisanja, nkumakhalapo tsiku ndi tsiku ine ndikudutsa pomwepo ndi katundu pamutu.

Zainabu anandiuza mawu anu monga munawanenera, ndipo ndikuwalemba pano kuti muone ngati sanawonjezere. Akuti munati: "Ndikafa mundimangire ndi izi. Ndi za khoma la kunja, zinaona mvula, zinaona nkhondo. Anapala ndi Madalena ali kamtsikana, zala zikuchucha magazi. Ndakhalira manja a mwana wanga zaka zonsezi, ndikufuna ndikagone m'manja momwemo. Uzilondere, asadzagulitse." Ndiye kukhala pamulu kuja sikunali kulanda mpando wanu. Munthu ankalondera manda anu kuti ine ndisawagulitse kwa womanga chimbudzi.

Kenaka anachita chinthu chimene sindinachiyembekeze. Anatenga njerwa ija nkuigunditsa patsaya langa, pafupa la pansi pa diso, nkugogoda ndi kiyi. Ndinaimva, Amayi. Osati ndi khutu, koma m'mano ndi m'chigaza monse. Inati ngwe, nkupitirira kulira pang'ono isanaleke. Anatola chibenthu cha zofiira zija zotsala nkuchita chimodzimodzi, ndipo chinangoti phu, nkufera pomwepo. Ndinakhala pansi m'fumbi ndi njerwa ziwirizo, kugogoda iyi, kugogoda iyo, ngati mwana wapatsidwa choseweretsa. Ndinalira mpaka ogula awiri anabwerera pachipata.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti nsanje yatha. Sinathe, ndipo kwa inu sindinama. Yangosintha pokhala. Zaka makumi atatu munandikhazika pansi nkumati tamvera, tamvera, koma simunaganizepo zoika njerwa patsaya langa. Anaganiza ndi iye, tsiku limodzi. Ndipo mawu aja, Amayi, mawu okhawo amene ndinkawafuna moyo wanga wonse, munali nawo m'kamwa nthawi yonseyi. Munawasunga pamene ndinkakusambitsani, pamene ndinkakutafunirani nzimbe. Pomaliza munandituma kukafunditsa madzi kuti muwapereke kwa wina. Zainabu akuti munaopa kuti ndikana, kuti ndinena kuti njerwazo nzonyansa, sizoyenera mayi anga. Akutinso simunkafuna kufa mukuona misozi yanga. Kapena nzoona. Mwina ndikanakanadi, poti mwaona nokha zimene ndinasankha nditasiyidwa ndekha. Komabe mukanandiuza ndekha, ngakhale mokalipa.

Kintale sindigawa. Chingwe chija ndinamangira mbuzi yanu. Kiyi akhalabe m'khosi mwa Zainabu, chifukwa ndi wake, ndipo ndikamuona akulendewera pamenepo mtima umandiluma monga kale. Sabata yatha kunabwera uthenga wa nyumba ina ya matelya cha ku Nkholongue. Iye anabwera kudzandifunsa ngati tingakwere boti tonse awiri. Ndinamuyankha kuti ndiona. Ndipita, koma ndimafuna adikire kaye pang'ono.

Za nyumba yanu takambirana kale ndi akulu a kumanda. Mvula ikangotha mu Meyi, dothi likauma, tigwetsa zotsalazo nkuyamba pansi. Daudi anati abwereka ngolo, ine ndakana. Anati ndiye tinyamule panjinga, ndakananso. Njerwa zimenezo ndisenza ndekha pamutu, zisanu ndi imodzi ulendo umodzi, kuchokera pansi pa mango mpaka kumene muli, ngakhale bondo lilire motani. Zainabu adzaima pachipata cha manda, poti m'kati salowa, ndipo iliyonse adzaigogoda ndisanadutse nayo. Chilizacho chidzakhala chakuda, chobenthuka ngodya zonse, ndipo palibe amene adzaime kufunsa kuti anamanga ndani. Koma mvula siidzakupezaninso, ili ndi lonjezo langa.

Pirirani miyezi iwiri yokha, Amayi. Mupereke moni kwa atate, muwauze kuti mdzukulutuvi wawo wamwamuna ndi wanga. Ndimakukondani, ngakhale ndikadali wokwiya nanu. Tsiku limene ndidzabwere kumeneko, musadzanditume madzi, ndipo musadzatume munthu. Mudzandiuze nokha mawu aja, mudzakhale mbali ya kumanzere.

Ndine mwana wanu woyamba, msana wanu uja,

Madalena